Intavyu ya viza ya ukwati ku embase ya America: mapepala ndi pakamwa ziyankhule chimodzi

Ndabwera kudzaona mayi kuno ku Area 25, sabata ziwiri sizinathe nkomwe koma anthu atatu andipeza kale pakhonde atanyamula mafayilo, wina mpaka anachokera ku Likuni eti, funso ndi lomwelo: asisi, ku embase kuja amafunsa chani? Ndiye ndati m'malo mobwereza nkhani imodzimodzi mpaka kukhosi kuume bola ndingolemba kamodzi. Ine intavyu yanga ndinachita mu 2024. Amuna anga ndi nzika ya America koma ndi mwana wa konkuno, anakulira ku Kawale, pano tikukhala ku Indiana. Sindine loya ayi, ndikungokuuzani zomwe ndinaona ndi maso komanso zomwe ndinawerenga usiku ndi usiku tulo titakana.

Musanawononge olo tambala, mvetsani izi kaye. Malamulo a viza za America kwa ife a Malawi akhala akusintha pafupipafupi. Mu Ogasiti 2025 anayambitsa zoti wofuna viza yokacheza azisiya chikole cha $5,000 mpaka $15,000, izozo ndi za B1/B2, si za viza ya ukwati ngakhale anthu amazisakaniza. Koma mu Disembala 2025 dzina la Malawi linalowanso pa mndandanda wa mayiko omwe kupereka viza zambiri, kuphatikizapo zokakhala konko, kunayimitsidwa kuyambira pa 1 Januwale 2026. Ndiye tsiku lomwe mukuwerenga izi tsegulani kaye tsamba la embase ndi la travel.state.gov muone zinthu zili pati, mnzanu wa kunjayo, ndikunena mwamuna kapena mkazi wanu, afunsenso loya wa za imigireshoni, makamaka musanalipire zokayezetsa kuchipatala chifukwa zija zimatha mphamvu mukadali kudikira. Zomwe ndikulemba apazi ndi za tsiku lomwe akuitanani.

Pofika pa intavyu ndiye kuti mwayenda kale mtunda. Mnzanu anatumiza fomu yokuitanitsani ya I-130 ku USCIS, ofesi ya imigireshoni ya America, iwo anaivomereza, nkhani inapita ku National Visa Center omwe aliyense amangoti NVC, kumeneko nthawi yanga tinalipira $325 ya viza ndi $120 ya fomu ya chithandizo, munadzaza DS-260, fomu yofunsira viza, pa intaneti, munaika mapepala onse mu CEAC, tsamba lawo lotumizirapo mapepala, mpaka anakulemberani kuti zakwana. Kenako kudikira. Tsiku lina imelo imangogwa, muli tsiku ndi ola. Ine inandipeza ndili mu minibasi pa Kanengo, miyendo inazizira.

Tsono chomwe ndikufuna mumve pa zonse ndi ichi. Ofesala wa pa windo paja safuna Chingerezi cha ku yunivesite, ndipo alibe mayankho obisika oti muloweze ngati mukukalemba MSCE. Fayilo yanu ali nayo kale pa kompyuta, zomwe munalemba inu, zomwe analemba mnzanu, ndi zomwe munanenapo ngati munafunsirapo viza ina zaka zapitazo. Ntchito yake ndi kuona ngati pakamwa panu ndi mapepala anu zikuyankhula chimodzi, komanso ngati banja lanu ndi banja lenileni osati lopangira viza. Basi. Ndipo mmene ndaonera ine, ife sitipunthwa pa bodza lalikulu ayi, timapunthwa pa tinthu tathu tomwe kwathu kuno palibe amene amatiwerengera.

Tengani funso losavuta ili: munakwatirana liti? Ine ndili ndi masiku atatu. Chinkhoswe chinachitikira kwa amalume ku Mitundu mu Ogasiti, kwa DC tinakasaina mu Okutobala, ku tchalitchi tinadalitsa mu Disembala ndipo nkomwe kunali perekaniperekani ndi madansi. Mukafunsa mayi anga akuuzani la ku tchalitchi, mukafunsa ankhoswe akuuzani la chinkhoswe, onsewo sakunama. Koma pa I-130 ndi pa DS-260 panalembedwa tsiku limodzi lokha, lomwe lili pa setifiketi. Ofesala atandifunsa ndinatchula limenelo, kenako ndinaonjezera kuti mwambo wa makolo unachitika miyezi iwiri m'mbuyo mwake ndipo zithunzi zina mu alubamu ndi za tsiku limenelo, iye anangogwedeza mutu nkumalemba. Tangoganizani ndikanati Disembala, pepala likuti Okutobala, amuna anga analemba Okutobala. Lamulo lathu la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndi wa chikhalidwe chathu, koma pa windo paja pamafunika setifiketi, zithunzi za nkhuku ya chinkhoswe pazokha si setifiketi. Pa travel.state.gov pali tsamba la dziko lililonse lomwe limanena pepala lomwe amalandira ndi ofesi yomwe imapereka, pezani la Malawi muwerenge mofatsa.

Ngati wina wa inu anakhalapo pa banja kale, apa ndiye pagona nkhani. Kwathu kuno banja limatha ndi ankhoswe, mkazi kumanga katundu kubwerera kwao, kapena mwamuna kupatsidwa chikwama chake, basi zatha aliyense akudziwa. Kwa iwo silinathe mpaka aone chikalata cha khothi, kapena setifiketi ya imfa ngati mnzanuyo anamwalira. Banja loyamba likakhala kuti silinathe pa pepala ndiye kuti lachiwirili kwa iwo kulibe, ndipo mitala saivomereza olo pang'ono. Musabise mwamuna woyamba chifukwa cha manyazi, makamaka ngati pali mwana yemwe setifiketi yake yobadwira ili ndi dzina la bambo wina, pepala lija lidzakuyankhirani lokha.

Za maina ndi zaka ndiye musandiyambitse. Ndi angati mwa ife anachepetsedwa zaka kuti abwereze Sitandade 8? Pa chiphaso cha NRB chaka china, pa pasipoti china, pa khadi la ubatizo chinanso. Wina pa pasipoti ndi Chimwemwe koma pa setifiketi ya ukwati analemba Joyce chifukwa ndi lomwe amadziwika nalo ku kwaya. Yalani mapepala onse pa mkeka lero lomwe, muone chilembo ndi chilembo, nambala ndi nambala. Ine ndinapeza kuti dzina la bambo anga pa pepala lina linali ndi h pa lina linalibe, kanthu kakang'ono koma kanandiyendetsa masiku anayi. Mukapeza kusiyana kakonzeni ku ofesi yomwe inapereka pepalalo nthawi ikadalipo, ndipo maina onse omwe munagwiritsapo ntchito alembedwe pa DS-260, malo ake alipo. Madobadoba oti tikupangirani ina yoyera mawa lomwe, athaweni ngati mliri. Pepala lachinyengo kapena bodza pa chinthu chofunika likagwidwa, chiletso chake ndi cha moyo wonse, si chaka chimodzi kapena ziwiri ayi.

Zonyamula ndi zomwe munaika kale mu CEAC koma tsopano mutenge ma orijino ake ndi makopi. Pasipoti ikhale ndi moyo wa miyezi isanu ndi umodzi kupitirira tsiku lomwe mukuyembekeza kukalowa ku America, ndiye ngati yatsala pang'ono kutha yambani pano kukonza ina, yakaleyo musataye, inyamuleni. Kalata ya tsiku la intavyu, tsamba lotsimikiza DS-260, zithunzi ziwiri za masentimita 5 mbali zonse, kumbuyo koyera, opanda magalasi, zojambulidwa m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, ndipo wojambulayo mumuuze kuti ndi za viza ya America chifukwa saizi yake si ya pasipoti yathu, mumuletsenso kukuyeretsani nkhope pa kompyuta. Setifiketi yobadwira, ya ukwati, zothetsera mabanja akale a nonse awiri. Pepala lililonse lomwe silili m'Chingerezi likhale ndi kumasulira kwake. Ndinagula fayilo ya timatumba tapulasitiki ku Old Town, pepala lililonse m'kathumba kake, chifukwa ukamanjenjemera ngakhale pepala lili pamwamba penipeni sulionanso.

Ya polisi imafunika kwa aliyense wa zaka 16 kupita mtsogolo. Ya kuno mumakadinda zala ku likulu la polisi ku Area 30. Koma chomwe ambiri amaiwala ndi mayiko ena. Ngati munakhalapo dziko lina miyezi 12 kapena kuposerapo muli ndi zaka 16 kupita mtsogolo, ya dziko limenelonso ikufunika, ndipo apa ndikunena inu amene munakagwira ntchito ku Joni zaka zitatu nkubwerako, ya ku South Africa siituluka tsiku limodzi, yambani msanga. Ngati munamangidwapo kwina kulikonse, olo munangokhalako mwezi umodzi, olo mlandu unathetsedwa, tengani ya polisi ya kumeneko ndi mapepala a khothi.

Kuchipatala simupita kwa dokotala wanu wa masiku onse kapena kwa msuweni wa ku Kamuzu Central, amalandira za dokotala yekhayo yemwe embase inamusankha, dzina lake lili pa malangizo omwe amabwera ndi kalata ya tsiku la intavyu ija. Mukangolandira tsiku la intavyu imbani foni mubukitse. Tengani pasipoti, kalata, buku lanu la kuchipatala ndi khadi la katemera ngati mayi anasunga la kusikelo, limakuchepetserani majekeseni ndi ndalama zomwe. Kuli ekisireyi ya pachifuwa, kutenga magazi, katemera yemwe akusowa, ndi mafunso a matenda omwe munadwalapo. Ekisireyi ikaonetsa kanthu, mwina munadwalapo TB kalekale, amakutengani makhololo ndipo zotsatira zake zimatenga sabata pafupifupi 8, palibe chidule, palibe kupepesa. Ngati ndinu oyembekezera nenani asanakuimikeni pa makina.

Ndipo ndinene ichi momveka chifukwa mayi wina anandinong'oneza pakhonde pano misozi ili m'maso. Kukhala ndi HIV sikuletsa viza, America inachotsa chiletso chimenecho mu Januwale 2010. Musabise ma ARV, musasiye kumwa kuti mwina asadziwe. Chomwe chimachitika ndi choti amakuyezaninso makhololo, ndiye muyambe msanga, basi. Akakupatsani envelopu yomata musatsegule, si yanu. Zotsatira za kuchipatala zimakhala ndi mphamvu miyezi isanu ndi umodzi, nthawi zina itatu yokha pa nkhani za TB, ndipo tsiku lothera viza yanu limatsatira zimenezo.

Za ndalama ndi fomu ya I-864, pomwe mnzanu amalonjeza boma lawo kuti azikusamalani. Malipiro ake afike 125% ya mlingo wa umphawi womwe boma la America limatulutsa chaka chilichonse, malinga ndi kuchuluka kwa anthu m'nyumba mwake. Akapelewera pamafunika munthu wina wothandizira kusaina, nzika kapena wa green card, khadi lololeza kukhazikika ku America, ndi mapepala ake onse. Kamsampha kake kali apa: konko amapereka za misonkho mu Epulo, ndiye ngati munatumiza mapepala ku NVC chaka chatha intavyu yabwera Juni, muuzeni akutumizireni za msonkho zatsopano ndi mapesilipi a miyezi yapitayi musindikize. Komanso ngati mnzanuyo mukukhala naye konkuno, mwina amagwira ntchito ku bungwe lina ku Area 43, ayenera kuonetsa kuti kwawo kukadali ku America kapena akubwerera limodzi nanu, adilesi, akaunti ya ku banki, kalata ya ntchito, zotero.

Ana. Aaa, apa anthu amalira. Ngati mnzanu ndi nzika ya America, mwana wanu sakwera pa fomu yanu ngati katundu, aliyense amafunika I-130 yakeyake, ndipo kuti mwana wopeza awerengedwe ukwati wanu ukhale unachitika iye asanakwanitse zaka 18. Ngati mnzanu ali ndi green card chabe ndiye ndi gulu lina, la F2A, ana osakwatira osakwana zaka 21 amatha kutsatira pa fomu imodzi koma kumakhala mzere wake. Kaya mwana akupita kaya akutsala ndi agogo ku Dowa, alembedwe pa DS-260. Kumubisa lero ndiye kuti tsiku lomwe mudzafune kumuitanitsa mudzakhala ndi funso lovuta kuyankha.

Tsiku lenilenilo. Embase ili ku Area 40, cha ku City Centre, koma tsatirani adilesi ndi ola zomwe zili pa kalata yanu. Nyamukani m'mamawa poti msewu wochokera ku 25 nthawi ya ana asukulu mukuudziwa, komabe musakafike maola atatu nthawi isanakwane, mungoima padzuwa nkumva nthano za anthu pa mzere, ndipo nthano za pa mzere paja ndi poizoni, aliyense ali ndi mlamu wake yemwe anakanidwa chifukwa chovala zofiira. Foni, chikwama chachikulu, fulashi, chaja, mahedifoni, zonsezo sizilowa. Ine ndinapita ndi mchimwene wanga anatsala nazo panja, ndinalowa ndi fayilo basi. Mnzanu wa ku America sakakamizidwa kukhalapo, amuna anga anali ku ntchito ya usiku akudikira foni. Valani ngati mukupita ku tchalitchi kapena ku ofesi, suti yobwereka yomwe ikukuthinani siionjezera malikisi. Idyani kanthu.

Mukadutsa kwa alonda mumakhala pansi kudikira kuitanidwa. Poyamba amalandira mapepala ndi pasipoti, kenako kudinda zala pa kagalasi, zinayi za kumanzere, zinayi za kumanja, zazikulu ziwiri. Sabata imeneyo samalani ndi mpeni podula bonongwe, chala chokhala ndi bala chimavuta. Kenako ofesala mwini wake, kuseri kwa galasi, mumaimirira, mumakweza dzanja kulumbira kuti zonse zomwe munena ndi zomwe munalemba ndi zoona. Ndiye ngati mukudziwa kuti pa DS-260 munalakwitsa kanthu, mwina munaiwala ntchito ina kapena mnzanu wasamuka nyumba, nenani nokha poyambirira, musadikire kuti akupezeni nako.

Yanga sinakwane mphindi khumi, zaka zodikira zonse zija. Anandifunsa kuti amene wandiitanitsa ndani, ndipo abale anga pakamwa panga panatsala pang'ono kutuluka "bambo a Tadala", chifukwa ine chikwatiwireni dzina la amuna anga sindinalitchulepo pagulu, mayi anandilera choncho. Pa windo paja ulemu umenewo usiyeni pa geti. Tchulani dzina lonse mmene lilili pa pasipoti yake. Chimodzimodzi zoyang'ana pansi poyankhula ndi wamkulu, kwathu ndi khalidwe, koma munthu wakulira kwina angaone ngati ukuzemba, komanso mawu samveka pa maikolofoni ukaweramitsa mutu. Muyang'aneni, yankhulani mokweza pang'ono.

Kenako anati munakumana kuti. Ndinati pa maliro a agogo ake ku Kawale, ndinali kuphika nawo kuseri. Anakweza maso, anati pa maliro? Ndinati eya, kwathu kuno maliro ndi pomwe pamasonkhana aliyense. Anaseka pang'ono. Mnzanga wina anali atandilangiza kuti ndinene kuti tinakumana pa ukwati chifukwa za maliro sizimveka bwino, koma amuna anga m'kalata yawo analemba za maliro zomwezo, ndiye ndikanamvera malangizo aja ndikanadzikumbira dzenje ndekha. Mafunso ena anali oti amagwira ntchito yanji ndipo kuti, amakhala mzinda uti, amakhala ndi ndani m'nyumba, anabwera liti komaliza, anakhalapo pa banja, ana ake ndi angati maina awo ndani, tsiku lake lobadwa. Limenelo liphunzireni ndithu, ambiri a ife za mabefide sitinakule nazo ndipo ndi zochititsa manyazi kuima duu pa funso limenelo. Sabata isanafike khalani pa video call ndi mnzanuyo muwerenge limodzi zomwe aliyense analemba, osati kuti mupeke nkhani, koma kuti mukumbutsane, chifukwa anthu awiri okondana amatha kukangana kuti ulendo wa ku Salima unali chaka chiti.

Tili ndi chizolowezi chongoti yes yes kwa mzungu ngakhale sitinamve. Musayerekeze. Kayankhulidwe kawo kamathamanga ndipo galasi lija limameza mawu, ngati simunamve pemphani abwereze, palibe amene amakanidwa chifukwa chopempha kubwereza. Ngati Chingerezi chimakuvutani kwambiri lemberani embase pa imelo nthawi ikadalipo mufunse za womasulira, bola kuyankha zoona m'Chichewa kusiyana ndi kuvomera zomwe simunamve, koma konzekerani kufotokoza kuti nanga ndi mnzanuyo mumayankhulana chiyankhulo chanji. Chomwe simukuchidziwa nenani kuti simukudziwa. Anandifunsa dzina la bwana wa amuna anga, ndinati sindikulidziwa, timangomutchula kuti bwana, nkhani inapitirira. Yankhani zomwe mwafunsidwa nkusiya, musayambe ulaliki.

Ngati munakanidwapo viza yokacheza kapena ya sukulu nenani, zili kale pa kompyuta yawo ndipo kukanidwa kuja pakokha sikutseka ya ukwati. Chomwe chimapweteka ndi ngati nthawi imeneyo munalemba kuti ndinu okwatiwa pomwe munali mbeta kuti muoneke okhazikika, kapena munabisa kuti muli ndi chibwenzi konko. Ngati zilipo zotero, kapena munakhalapo ku America kupitirira nthawi yomwe anakupatsani, onanani ndi loya intavyu isanafike, chifukwa kupitirira masiku 180 kumabweretsa chiletso cha zaka 3, kupitirira chaka ndi zaka 10. DS-260 imafunsanso maakaunti anu a Facebook, Instagram ndi ena a zaka zisanu zapitazi, ndiye ngati pa Facebook mukadali single ndipo mukujambulitsa ndi "bae" wina, ine ndilibe nazo mawu.

Umboni wa chikondi musanyamule katoni. Zithunzi zosankha bwino za nthawi zosiyanasiyana, osati mazana awiri a tsiku limodzi mutavala diresi yomweyo, zikhale zoti muli ndi apongozi, ankhoswe, ana, pa Khirisimasi, ku nyanja. Matikiti a ndege ndi kopi ya masitampu a m'pasipoti mwa mnzanu oonetsa kuti anabweradi, malisiti a ndalama zomwe amatumiza pa WorldRemit kapena Western Union, macheza a pa WhatsApp osindikiza pang'ono a miyezi yosiyana, oti deti ikuoneka, ndipo chonde sankhani masamba oti munthu wachilendo angawerenge. Kwa ine anangoona zithunzi zitatu nkundibwezera, ndinatsala pang'ono kumuuza kuti aone zonse poti ndinavutika nazo. Koma ngati munakumana pa intaneti, kapena mumasiyana zaka zambiri, kapena munakwatirana pa ulendo wake woyamba kubwera kuno, yembekezerani mafunso ochuluka ndipo umboni wanu ukhale wonenepa. Si mlandu, koma ndi pomwe amayang'anitsitsa.

Pomaliza pali njira ziwiri zomwe zimachitika kawirikawiri. Akati zatheka, pasipoti imatsala ndipo amakuuzani katengedwe kake. Apo ayi amakupatsani pepala la 221(g), kutanthauza kuti pali chosowa kapena akufuna kufufuza kaye. Mukakaona pa CEAC palembedwa Refused mtima umalumpha, koma pa 221(g) mawu amenewo si mapeto, mukapereka zomwe apempha amaunikanso. Werengani pepalalo muli pomwepo, funsani ngati simunamve chomwe akufuna ndi katumizidwe kake. Muli ndi chaka chimodzi kuti mupereke koma musagone nazo, kumbukirani za kuchipatala zija zikutha. Zofufuza zawo zokha ndiye palibe amene angazifulumizitse, aliyense wokuuzani kuti ali ndi munthu mkati akufuna ndalama zanu basi.

Ndipo ngakhale ofesala amwetulire bwanji, musagule tikiti, musasiye ntchito, musagulitse firiji ndi mipando mpaka pasipoti ili m'manja mwanu viza itamatidwa. Zotsanzika ku mpingo ndi ku banki m'khonde zidikirenso, mukudziwa mmene zimawawira kukumana ndi munthu pa msika wa Nsungwi miyezi itatu mutatsanzika nkumakufunsani kuti "aaa simunapite?"

Pasipoti ikabwera onani dzina, tsiku lobadwa ndi tsiku lothera viza musanachoke, cholakwika chikonzedwe pompo. Mukapatsidwa envelopu yomata ya ku bwalo la ndege musaitsegule ndipo ikhale m'chikwama cha m'manja, ena sapatsidwa chifukwa zonse zinatumizidwa pa kompyuta. Pali ndalama ina ya USCIS yolipira pa intaneti kuti green card isindikizidwe, nthawi yanga inali $235, mulipire musananyamuke. Ndiye onani zilembo za pa viza. Ngati tsiku lomwe mukulowa ku America ukwati wanu sunakwane zaka ziwiri ndinu CR1, khadi lanu ndi la zaka ziwiri, ndipo m'masiku 90 omaliza lisanathe mumatumiza fomu ya I-751 ndi umboni wina watsopano woti mukadali limodzi, choncho fayilo ija musataye. Ngati wakwana zaka ziwiri ndinu IR1, khadi la zaka 10. Chomwe chimawerengedwa ndi tsiku lolowa, osati la intavyu, ndiye ngati kwatsala sabata zitatu kuti mukwanitse zaka ziwiri ndipo viza ikulola, khalani kaye mudye nsima ya mayi, mudzalowe zitakwana. Ine sindinadziwe, ndinathamanga kutatsala mwezi umodzi.

Ku KIA mayi adzakufikitsani ndi ufa, usipa, chambiko ndi Nali, mtolo woti sikelo ya Ethiopian ikane. Mukafika uko akakufunsani ngati mwanyamula chakudya nenani kuti eya ndipo muonetse chilichonse, aone okha chololedwa. Nyama yokha, kaya yofutsa kaya yotani, isiyeni konkuno adye alamu.